Za njinga yolembedwa "Scandium" pa felemu

Achimwene amene mwafunsa za njinga ya kaunjika ija, yolembedwa "Scandium" pa felemu, imene wogulitsa wakweza mtengo ati chifukwa ndi ya chitsulo cha ndege: munthuyo sakunama kwenikweni, koma nkhani wakuuzani theka.

Scandium ndi chitsulo ndithu, chotuwa ngati siliva, chopepuka pafupifupi ngati aluminiyamu. Chimasiyana naye pa moto. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, n'chifukwa chake anyamata amatha kutolera zidutswa zake n'kuumba mapoto kuseri kwa msika, pomwe scandium sasungunuka mpaka madigiri 1541. Anachitulukira ndi Lars Fredrik Nilson wa ku Sweden mu 1879, n'kuchitcha dzina la dera lakwawo, Scandinavia. Zaka 10 izi zisanachitike, Dmitri Mendeleev wa ku Russia anali ataneneratu kuti chitsulo chotere chilipo, mpaka anachisiyira mpata pa tchati chija tinkavutika kuloweza ku sekondale. Chili pa nambala 21.

Tsono felemu yanuyo si ya scandium ayi. Ndi ya aluminiyamu, scandium anangowazamo ngati mchere m'ndiwo. Nthawi zambiri sapitirira theka la gawo limodzi pa magawo 100. Felemu ikamalemera kilogalamu imodzi ndi theka, scandium ali m'menemo safika ndi magalamu 8 omwe.

Koma kamchere kameneka musakaderere. Aluminiyamu wosungunuka akamazizira amagwirana m'timibulu tosaoneka ndi maso. Timibuluto tikakula, chitsulo chimafooka, makamaka pamene awotcherera, poti kutentha kumatikulitsa ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Scandium amachititsa kuti tikhale ting'onoting'ono ndi tothithikana, ndiye pamfundo pamene mapaipi akumana pamakhala polimba. Akatswiri a ku Soviet Union ndi amene anayamba kudyerera nzeru imeneyi pa ndege zankhondo monga MiG-29, ndipo mawu a wogulitsa aja akuchokera pamenepo. Kenaka opanga njinga ndi ndodo za baseball ku America anatengera. Scandium amamugwiritsanso ntchito m'mababu ena owala ngati usana a m'mabwalo a mpira, ndi m'makina opanga magetsi kuchokera ku gasi, monga a kampani ya Bloom Energy.

Kudula kwake sikuti ndi wosowa. M'nthaka ya dziko lapansi alimo wambiri kuposa mtovu, kungoti anamwazikana, apa pang'ono apo pang'ono, sapezeka ataunjikana ngati kopa ku Copperbelt. Choncho amamutapa m'zotsalira za migodi ina: ku China, ku Russia, m'migodi ya nickel ku Philippines, ndi ku Quebec kumene kampani ya Rio Tinto imayenga titanium. Dziko lonse likasonkhanitsa pa chaka, ndi matani makumi ochepa chabe. Amawerengedwa m'gulu la zitsulo 17 zotchedwa rare earths, zomwe timamva ku Kangankunde ndi ku Songwe Hill, ngakhale kumeneko maso ali pa zina monga neodymium.

Tibwerere ku njinga. Popeza chitsulocho n'cholimba, opanga amachepetsa mnofu wa mapaipi kuti njinga ipepuke. Tagogodani paipi yapakati ndi chikhadabo, mumva ikulira ngati chitini. Njinga yotero anaipangira mpikisano, munthu mmodzi ndi botolo la madzi basi. Ngati cholinga chanu ndi kabaza, kapena kumanga matumba awiri a makala pa kaliyala, isiyeni, gulani yakuda yachitsulo ija. Imeneyo ikathyoka, wowotcherera aliyense pa trading centre aikonza mukudya chimanga chootcha. Ya aluminiyamu imafuna makina apadera owotcherera otchedwa TIG ndi gasi wa argon, zomwe sizipezeka paliponse. Ine yanga itang'aluka pansi pa chishalo ndinakaipereka kwa wowotcherera wina amene analumbira kuti ntchitoyo amaidziwa. Atangokhudzitsa moto, panatsala bowo lolowa chala chachikulu, iye n'kumati vuto ndi magetsi.

Musanapereke ndalama, pukutani fumbi ndi girisi pamfundo zonse, makamaka pansi pa mahandulo ndi pozungulira mapedulo, muyang'ane padzuwa. Kamzere kakuda kowonda ngati tsitsi ndi mng'alu, ndipo pentiyo akatukumuka pamfundo, pansi pake pali nkhani. Paipi yobonyoka nayonso ikaneni. Tengani maginito a sipika yakale: akamata pa felemu, imeneyo ndi yachitsulo wamba ndipo stika anachita kumatapo. Akakana kumata, mwangodziwa kuti si chitsulo wamba. Zoti muli scandium maginito sangakuuzeni. Pamenepo lembani dzina la njingayo ndi modelo yake pa Google, muone ngati kampaniyo inatulutsadi felemu ya mtundu umenewo, kenaka mukanenerere mtengo.