VM ya malipiro ikumakwawa mwezi ukamatha, ndiionjezere mphamvu osaizimitsa?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimayang'anira makompyuta pa ofesi ina kuno ku Zomba. Tili ndi seva imodzi ya 64GB yoyendera Hyper-V pa Windows Server 2019, m'katimo muli ma VM anayi (makompyuta ongoyerekezera omwe Hyper-V imayendetsa m'kati mwa seva imodzi). Ya malipiro masiku onse imakhala bwinobwino koma mwezi ukamatha imakwawa ndipo a ku akaunti sandipatsa mpata wopuma, foni ndiye kulira. Kodi ndingaionjezere RAM ndi purosesa ili chiyakire, ntchito ikatha nkubweza? Wowerenga, Zomba

YANKHO: Achimwene, pa RAM zitheka, pa purosesa ayi, bola ndikuuzeni lero lomwe kusiyana nkuti mukazidziwe pa 28 anthu akudikira malipiro awo.

Hyper-V ili ndi Dynamic Memory, inabwera ndi Windows Server 2008 R2 SP1 mu 2011. Mumaika manambala atatu, Startup yoyambira poyatsa, Minimum yomwe siingatsikire, ndi Maximum, ndiye VM imatenga yokha RAM ikafuna ndipo imasungirako kapadera ka 20 peresenti ngati simunasinthe Buffer. Koma kuti muyatse Dynamic Memory yo VM iyenera kukhala yozima, ndiye sankhani Loweruka masana ofesi ili zii muchite kamodzi basi, kuyambira pamenepo Maximum mukhoza kumaikweza ili chiyakire. Chonde Maximum yo musaisiye mmene mwaipezera, imabwera pa 1TB pomwe seva yanu ili ndi 64GB, VM imodzi yadyera ikhoza kumeza zonse zinzake nkutsala pa njala.

Pobweza mpamene ambiri amasokonezeka. RAM yomwe Windows wailandira sailola kuchoka wamba, ndiye Hyper-V imafufumitsa kadiraiva kotchedwa balloon m'kati mwa VM, kamagwira malo omwe sakugwira ntchito nkuwabwezera ku seva. Mukatsegula Task Manager muona ngati RAM yadzadza, musachite mantha, tsegulani RAMMap, kapulogalamu koonetsa komwe RAM yapita, muyang'ane pa Driver Locked, ili pamenepo. Ndipo ngati pulogalamu yanu ya malipiro imadalira SQL Server, pulogalamu yosunga deta, ameneyo akagwira RAM satulutsa msanga, muikireni malire pa max server memory apo ayi azingodya mpaka pa Maximum.

Purosesa ndiye Hyper-V salola kusintha chiwerengero cha ma vCPU (mapurosesa omwe VM yagawiridwa) VM ikuyaka. Anzathu a VMware, kampani ina ya mapulogalamu a ma VM, ali ndi Hot Add yoonjezerera purosesa VM ikuyaka, komabe nawonso amayamba aichonga VM ili yozima. Chomwe mungasinthe inu osazimitsa ndi Relative weight, imayambira pa 100, ya malipiroyo ikwezeni pa 200 kuti ma VM akamalimbirana purosesa iyo izikhala patsogolo. Ma vCPU wo ikani okwanira Loweruka lomwelo, koma osangounjika poti alipo, akachuluka kuposa ma core enieni a purosesa ya seva ma VM amayamba kudikirana pamzere.

Chondidetsa nkhawa kwambiri nchakuti mwina vuto si RAM nkomwe. Mwezi uno tsegulani Resource Monitor a ku akaunti akamayendetsa malipiro, muone Disk Queue Length, kutalika kwa mzere wa ntchito zodikira disiki. Ikamakwera pomwe RAM ikadali ndi malo, ndiye kuti ma VM anayiwo akupanikizana pa hadi disiki, ndipo ndalama yanu ipite ku SSD, disiki yothamanga kwambiri kuposa hadi disiki wamba.