Kodi makalabu othandiza anthu ndi a mabwana okha?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa pulayimale ina kuno ku Mangochi. Akuti iwo ndi anzawo asanu ndi awiri akufuna kuyambitsa kalabu yothandiza odwala ndi ana asukulu ovutika. Atawafotokozera alamu awo, anangowaseka, amvekere: "Zamakalabuzo n'za mabwana a m'tauni, a Rotary ndi a Lions. Inu ndi kamalipiro ka uphunzitsi mukachitako chiyani? Mukakhala wowaphikira basi." Ndiye mayiwa akufunsa ngati n'zoona kuti munthu wamkazi alibe malo m'zinthu zotere, komanso kuti ayambire pati.

Achemwali, zikomo pondilembera. Mawu a alamu anuwo andikhala pamtima sabata yonseyi, chifukwa ngakhale anawalankhula monyoza, muli kachoonadi mkati mwake.

Rotary anaiyambitsa Paul Harris, loya wa ku Chicago, mu 1905. Lions inabadwira mumzinda womwewo mu 1917, woyambitsa wake anali Melvin Jones. Kwa zaka zambirimbiri onse awiriwa anali magulu a abambo okhaokha. Akazi awo ankathandizira chakumbali, n'chifukwa chake mu 1924 amayi ena ku Manchester anayambitsa gulu lawolawo la Inner Wheel. Zinatengera khoti lalikulu la ku America kugamula mu 1987 kuti Rotary isamakanize amayi, ndipo lamulo lawo linadzasinthidwa padziko lonse mu 1989. A Lions anatsegula khomo mu 1987. Koma kulowa m'nyumba n'kwina, kukhala pampando n'kwinanso. Mayi woyamba kutsogolera Lions padziko lonse anali Gudrun Yngvadottir wa ku Iceland mu 2018, ndipo ku Rotary anali Jennifer Jones wa ku Canada mu 2022, patadutsa zaka 117 chiyambireni bungwelo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Ntchito imene a Lions amadziwika nayo, yothandiza odwala maso, anawapempha kuti aigwire ndi mayi. Anali Helen Keller, munthu wosaona komanso wosamva, amene analankhula pamsonkhano wawo mu 1925. Wachibale wanu akatumizidwa ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth ku Blantyre, dziwani kuti mbewuyo anafesa ndi mayi, pa nthawi imene amayi sankaloledwa kukhala mamembala enieni.

Tsopano tibwerere kwathu kuno. Ine ndikamva wina akuti amayi ayambe kudzipereka, ndimadabwa, chifukwa ndani wakhala akusenza ntchitoyi chikhalireni? Chaka china ndinakhala masabata awiri kuchipatala ndikudwazika mayi anga aang'ono. Malo ophikira odikirira odwala anali odzaza utsi, mafuwa paliponse. Pafupi nane panali agogo ena ochokera kutali, chaku Makanjira, amene ufa unawathera atangokhala masiku anayi. Lachinayi masana kunabwera amayi a Mvano, malaya oyera ndi maduku awo, atasenza nkhuni, sopo ndi timapepala ta shuga. Mawa lake kunabwera amayi a Dawa atavala mahijabu. Mmodzi sanalankhule zambiri, anangotenga ndowa ya agogo aja, kukatunga madzi, n'kuwachapira zitenje za wodwala wawo. Palibe anafunsa kuti agogowo amapemphera kuti. Palibenso anajambula chithunzi.

Onjezani amayi a Dorika, a Mothers' Union a ku Anglican ku Malindi ndi kwa Mponda, amayi a Chikatolika, ma mother group amene amalondola mtsikana akasiya sukulu, ndi amayi ophika phala ku sukulu za mmera mpoyamba popanda malipiro. Kolera atavuta mu 2022 ndi 2023, Mangochi inali pakati pa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Alangizi a zaumoyo pamodzi ndi anthu odzipereka ankayenda khomo ndi khomo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kugawa mankhwala othira m'madzi, ndipo kumudzi kwathu amene ndinkawaona atanyamula zigubu za mankhwalawo dzuwa likuswa mtengo anali amayi. Pamaliro pomwe, amene amafika koyamba ndi kuchoka komaliza timawadziwa tonse.

Choncho vuto si lakuti amayi sagwira ntchito. Vuto ndi limene alamu anu analitchula osadziwa: timaphika, timaimba, timasesa, koma pomanga mfundo ndi posunga ndalama timawasiyira ena.

Ndinaziona ndekha. Ndinali m'gulu lina la anthu pafupifupi makumi atatu, abambo anali anayi okha. Pachisankho, ife tomwe amayi tinaimika manja kusankha abambo kukhala wapampando, mlembi ndi msungichuma, ati chifukwa amadziwa kulankhula ndi akuluakulu. Tinasonkha ndalama miyezi isanu ndi itatu kuti tikonze mjigo umene unawonongeka. Titafunsa buku la ndalama, yankho linali lakuti "tidzaona pamsonkhano wotsatira". Msonkhano wotsatirawo sunachitike, mjigo sunakonzedwe, ndipo amayi anabwerera kukatunga ku Shire kumene kuli ng'ona. Mpaka lero zimandiwawa, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma chifukwa pakati pathu panali amayi amene amayendetsa banki m'khonde chaka ndi chaka osasowetsa ngakhale tambala imodzi, ndipo sitinawasankhe. Sindikunena kuti abambo onse ndi otero, kapena kuti mayi sangadye ndalama za gulu. Ndikunena kuti tinadziderera tokha.

Ndiye muyambire pati? Anthu asanu ndi atatu ndinu okwanira. Sankhani chinthu chimodzi chokha, chimene mungachikwanitse ndi ndalama za m'thumba mwanu ngakhale pasabwere wothandiza aliyense. Mwatchula odwala ndi ana asukulu, koma ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi ana, popeza ndinu aphunzitsi. Mukuwadziwa atsikana amene amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa zovalira akakhala kumwezi, ndi anyamata amene amasowa m'kalasi usipa ukagwidwa wambiri. Mukatenga ana khumi n'kuwatsatira chaka chathunthu, yunifolomu, makope, kukacheza ndi makolo awo, mudzakhala mwachita zambiri kuposa kugawa katundu kamodzi pa Khirisimasi n'kuzimiririka. Ndipo kambiranani ndi mother group ya pasukulu panu musanayambe, kuti musaoneke ngati mwabwera kudzawalanda ntchito.

Lembani malamulo anu, ngakhale tsamba limodzi: chopereka cha pamwezi ndi zingati, mumakumana liti, udindo umatha pakapita nthawi yaitali bwanji. Buku la ndalama liziwerengedwa mokweza pamsonkhano uliwonse, osadikira kuti wina ayambe wakayikira. Ndalama isamachoke ndi siginecha ya munthu mmodzi. Kadziwitseni amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenako pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo, akakuuzani njira yolembetsera gulu lanu. Abambo akafuna kulowa alandireni ndi manja awiri, mutu umodzi susenza denga, koma musawapatse mpando chifukwa chongoti avala jekete.

Za Rotary ndi Lions, musaziope. Makalabu awo alipo m'mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe, ndipo lero amayi amalowa ndi kutsogolera ngati wina aliyense. N'zoona kuti kumakhala ndalama ya umembala imene kwa mphunzitsi wa pulayimale ingakhale yolemera, apa alamu anu sananame. Koma simukuyenera kukhala membala kuti mugwire nawo ntchito. Makalabu oterewa akafuna kuthandiza kumudzi amafunafuna anthu odalirika okhala komweko, amene angaonetse zimene achita kale ndi mmene ndalama zinayendera. Mukawalembera kalata patatha chaka muli ndi buku loyera komanso ana khumi amene akadali pasukulu, adzakumverani mosiyana ndi munthu amene wangobwera ndi pempho.

Chinthu china chimene ndikupempheni ndi mtima wonse: musamajambule ana amene mukuwathandiza n'kuwaika pa Facebook atanyamula sopo. Mangochi ndi yaing'ono pankhani ya mphekesera, ndipo mtsikana wa Sitandade 7 amene chithunzi chake chazungulira pa WhatsApp kuti ndi mmphawi akhoza kusiya sukulu chifukwa cha manyazi omwewo. Mukafuna umboni woti muonetse othandiza, jambulani malisiti ndi katunduyo.

Amuna anu auzeni bwinobwino tsiku ndi nthawi ya misonkhano kuti pasakhale zokayikirana, ndipo muzikumana masana, makamaka Loweruka, poganizira anzanu amene amachokera kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi. Alamu anuwo musakangane nawo. Mukakhala pansi koyamba, musankhe msungichuma pakati pa inu asanu ndi atatu, mugule kope la chikuto cholimba, ndipo mundilemberenso kuti mwasankha ana angati.