Ukufuna unamwino? Minofu itatuyi uidziwe bwino

Mtsikana wina wa Fomu 4 wa ku Kawale wafunsa kuti: "Ndikufuna kudzakhala namwino, koma pa Biology mitundu ya minofu imandisokoneza. Ndiziisiyanitsa bwanji?"

Mwanawe, usayambe ndi kuloweza. Pa mtundu uliwonse uzidzifunsa kuti: kodi mnofu umenewu umandimvera, kapena umagwira ntchito pawokha?

Umene umakumvera ndi skeletal muscle, womangirira ku mafupa. Minofu yotere ilipo yoposa 600 m'thupi, ndipo ndi imene umasenzera ndowa ya madzi. Imakoka mwamphamvu koma siichedwa kutopa. Pa maikulosikopu imaoneka ya mizeremizere, ndipo selo limodzi lalitali limakhala ndi manyukiliyasi (phata la selo) ambiri.

Smooth muscle ulibe mizere. Maselo ake ndi osongoka uku ndi uku, nyukiliyasi imodzi basi, ndipo sungaulamule. Uli m'matumbo, m'mitsempha ya magazi, m'chikhodzodzo, m'njira za mpweya ndi m'chiberekero. Iwe wofuna unamwino, gwira apa. Mayi akangobereka, mzamba amamubaya mankhwala a oxytocin kuti mnofu wa chiberekero ukungike, magazi asataike ambiri, ndipo amayi ambiri apulumukira pamenepa. Wodwala mphumu akamabanika, mankhwala a salbutamol amamasula mnofu wamtundu womwewu kuti mpweya udutse. Ukadzalowa m'wodi ku chipatala cha Kamuzu Central uzidzakumana nazo tsiku ndi tsiku.

Ophunzira ambiri amataya malikisi pa cardiac muscle, chifukwa unatengera kuwiri. Uli ndi mizere ngati wa ku mafupa, koma sumvera munthu. Umapezeka mumtima mokha. Maselo ake ali ndi nthambi, olumikizana pa mfundo zotchedwa ma intercalated disc, n'chifukwa chake amakoka limodzi. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, osapumira.

Ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Malawi College of Health Sciences kuno ku Lilongwe, maphunziro a kapangidwe ka thupi amabwera koyambirira ndithu. Limbikiranso Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingelezi, pakuti Biology yokha singakulowetse. Sabata ino jambula mitundu itatuyi m'kope mwako, ulembe mayina ake m'Chingelezi monga mmene MANEB imafunsira, kenaka uwaonetse aphunzitsi ako akuchongere.