Imfa ya Claudy anaibisa dala

Mayi wina wandilembera imelo ataonera filimu ya Le Silence de Lorna, yokamba za Lorna ndi mwamuna wake Claudy. Akufunsa ngati filimu yomwe anadawuniloda ndi yoduka, poti Claudy akupalasa njinga bwinobwino kenaka mwadzidzidzi Lorna akusankha zovala zoti aveke mtembo wake. Akufunsanso ngati mimba ya Lorna ija inali yeniyeni.

Achemwali, filimu yanu ndi yathunthu. Anapanga choncho dala Jean-Pierre ndi Luc Dardenne, pachibale pawo a ku Belgium, ndipo pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 2008 anapata nayo mphoto ya nkhani yolembedwa bwino.

Takumbukirani mmene dilu inalili. Lorna wachokera ku Albania, akugwira ntchito yochapa zovala ku Liège ku Belgium, wakwatiwa ndi Claudy wa heroin uja kuti apeze mapepala a unzika basi. Fabio wa takisi wakonza zoti Claudy afe ngati wabaya mankhwala mopyola muyeso, Lorna akhale wamasiye akwatiwenso ndi munthu wa ku Russia wofuna mapepala omwewo, ndalama zibwere atsegule kalesitilanti ndi chibwenzi chake Sokol. Lorna ankadziwa zonsezi koma sanamuuze Claudy. Inde anayesetsa, mpaka kudzimenyetsa pachitseko ndi pakhoma kuti apolisi aone mabala ukwati uthe msanga mnyamatayo apulumuke, koma pakamwa pokha anatseka.

Ndiye a Dardenne akanationetsa Fabio akupanga zakezo bwenzi tonse tikuloza Fabio chala, Lorna nkutsala woyera. Mmalo mwake akutisiya ndi mayi yemwe dzulo lake amathamangira njinga akuseka, lero akupinda malaya a maliro nkhope ili gwa. Arta Dobroshi wa ku Kosovo, yemwe ndi Lorna mufilimumu, amasewera malo amenewa osalira nkomwe, ndipo mpomwe amandipweteka kwambiri ine.

Za mimba, madokotala anamuyeza nkunena kuti mulibe kanthu. Iye akukakamirabe kuti muli mwana wa Claudy mpaka kumayankhula naye, dilu ya wa ku Russia nkufera pomwepo, Sokol nkutenga ndalama zake kumapita. Ine ndimaona kuti mlandu womwe anaumeza uja ndi womwe wasanduka mwana, poti mwanayo yekha ndi amene Lorna angamuteteze tsopano. Zothawira kunkhalango kumapeto zija sizinandigwire mtima kwenikweni, zikuoneka ngati zachokera mufilimu ina.

Mukaipeza La Promesse ya 1996 ya anthu omwewa muionerenso, mnyamata Igor mmenemo ndi Jérémie Renier yemweyu wasewera Claudy, ali wachichepere.