Kwa achimwene amene alkalinity yawatsikira pa 5.6

Achimwene, mwati thanki yanu ya makorali a m'madzi amchere, ya malita 300, ikuwerenga 5.6 dKH pa alkalinity (kuchuluka kwa carbonate ndi bicarbonate m'madzi, komwe timapima mu dKH), calcium ili pa 440, pH ili pa 7.8, makorali ena ayamba kufota, ndiye mukufunsa ngati muthire buffer (mankhwala okweza alkalinity) yambiri lero lomwe kapena mutaye theka la madzi n'kuika atsopano. Zonse ziwirizo zisiyeni kaye. Zoona, 5.6 ndi yotsika. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala cha pa 7, ndipo ambiri a ife timasunga pakati pa 7 ndi 9. Koma makorali anu safa usiku uno chifukwa cha nambala imeneyo. Chimene chimawapweteka msanga n'kusintha kwadzidzidzi, lero 5.6 mawa 9. Zikatero makorali anthambi a mtundu wa Acropora amatha kusupuka mnofu n'kutsala chigoba choyera m'masiku owerengeka.

Musanathire kanthu, pimaninso. Mankhwala a m'mabotolo a test kit amatha mphamvu, makamaka akakhala nthawi yaitali pawindo kapena m'kabati yotentha mwezi wa Okutobala. Kuno zinthu zimenezi timaitanitsa ku Johannesburg, ndiye munthu umaumira, kit imodzi n'kukhala nayo zaka. Onani tsiku limene lalembedwa pabokosi, kaya ndi Salifert, Red Sea kapena reagent ya Hanna, ndipo ngati pali mnzathu wa pagulu pano amene mwayandikana naye, mutengereni madzi m'kabotolo apime ndi kit yake. Onaninso mchere. Uyenera kukhala 35 ppt (magawo 35 pa 1000), kapena kuti 1.026, ndipo refractometer, kachipangizo kopimira mchere, muikonze ndi madzi ake a 35 ppt, osati ndi madzi a RO okha (madzi osefedwa ndi makina a reverse osmosis). Mchere ukachepa zonse zimatsikira limodzi. Kwa inu sindikuganiza kuti vuto lili pamenepo, popeza calcium yanu ili bwinobwino, koma kuona sikutenga nthawi.

Tsono chimene chakudabwitsani, kuti bwanji calcium ili 440 pamene alkalinity yagwa, n'chimene chimasokoneza anthu ambiri, pamene ndi masamu chabe. Korali akamamanga chigoba chake amatenga calcium ndi carbonate pamodzi, pa mlingo wosasintha: pa 2.8 dKH iliyonse ya alkalinity, calcium imapita 20 ppm yokha (ppm ndi magawo pa miliyoni). Ndiye thanki imene yachoka pa 8.4 kufika pa 5.6 yataya gawo limodzi mwa magawo atatu a alkalinity yake, koma calcium yangochoka pa 460 kufika pa 440. Kusiyana kotereku ma kit ambiri sakuonetsa n'komwe bwinobwino. Calcium m'madzimo ndi yambirimbiri, alkalinity ndi yochepa, n'chifukwa chake ndi imene imayamba kuonetsa kuti thanki ikudya. Nthawi zambiri imeneyi ndi nkhani yabwino, kutanthauza kuti makorali akukula, ndere zapinki zija za coralline zikufalikira pamiyala, ndipo ngati muli ndi clam (nkhono ya zigoba ziwiri) nayenso akudya nawo. Thanki yangokula kuposa zimene mukuipatsa.

Kusintha madzi sikungakutulutseni m'menemo. Mukasintha magawo 10 pa 100 ndi madzi atsopano a 8 dKH, thanki ya 5.6 ifika pa 5.8 basi, ndipo mawa lake yadya kale zimenezo. Mchere wake ndi wodula, ndipo ifeyo nyanja tili nayo kutali, ya pafupi ili ku Mozambique, choncho kuuwononga pofuna kukweza alkalinity n'kutaya ndalama. Ena anganene kuti mugule mchere wa alkalinity yokwera monga Red Sea Coral Pro, umene umasungunuka cha pa 12 dKH. Kusintha theka la madzi ndi umenewo kukudumphitsani kufika pafupifupi pa 9 tsiku limodzi, chinthu chomwe ndikukuletsani chija.

Mankhwala ake muli nawo kale kukhitchini. Ndi soda yemwe uja timathira mu therere, wolembedwa bicarbonate of soda papaketi. Koma onetsetsani kuti si baking powder, chifukwa ameneyo ali ndi asidi ndi sitachi, ndipo ena ali ndi phosphate. Ma buffer ambiri a m'masitolo a nsomba, mkati mwake muli soda yemweyo, nthawi zina wosakaniza ndi soda ash kapena borate. Magalamu 3 a soda amakweza malita 100 ndi 1 dKH. Thanki yanu akuti ndi ya malita 300, koma mukachotsera miyala ndi mchenga, madzi enieni angakhale cha pa 250, pokhapokha ngati sump yanu, thanki ya pansi yosefera madzi ija, ndi yaikulu. Pa malita 250, magalamu 7.5 ndiwo 1 dKH, ndipo kuchoka pa 5.6 kufika pa 8 n'zofunika magalamu 18. Musawathire kamodzi. Ine ndikanathira magalamu 5 patsiku, theka m'mawa theka madzulo, osungunula bwinobwino m'kapu ya madzi a RO, n'kumathira pang'onopang'ono pamene madzi akuthamanga kwambiri, kutali ndi makorali. Osapitirira 1 dKH patsiku. Pezani kasikelo kakang'ono ka magalamu, masupuni amanama. Zitenga masiku anayi kapena asanu, mwinanso kuposerapo popeza thanki ikhala ikudyabe, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Ntchito yeniyeni ikuyamba mukafika pa 8. Siyani kuthira, mupime nthawi yofanana tsiku lililonse kwa masiku atatu. Ngati yatsika ndi 1.5 m'masiku atatuwo, ndiye kuti thanki yanu imadya 0.5 dKH patsiku, amene ndi magalamu pafupifupi 4 a soda tsiku ndi tsiku. Nambala imeneyo ndiyo yofunika kuposa zonse zimene ndalemba pano. Anthu ambiri amathira Loweruka lokha, thanki n'kukwera, n'kumatsika mlungu wonse, Loweruka linalo n'kukweranso, kenako n'kumadabwa kuti makorali sakukula. Kuli bwino thanki imene imakhala pa 7.5 chaka chonse kusiyana ndi imene imayendayenda pakati pa 7 ndi 10. Ndipo mukamathira soda tsiku lililonse, calcium nayo iyamba kutsika pang'onopang'ono, ndiye mudzafunika calcium chloride. Imeneyi ndiyo two-part imene mumamva ija, ndipo njira yopangira nokha imene ambiri amatsatira inalembedwa ndi katswiri wa kemisitiri, Randy Holmes-Farley. Soda ndi calcium chloride asakumane m'botolo limodzi kapena kuthiridwa nthawi imodzi pamalo amodzi, apo ayi madzi achita mbuu ngati mkaka, zonse n'kusanduka choko.

Magnesium simunaitchule, ndipo ndikufuna kuidziwa. Iyenera kukhala pakati pa 1250 ndi 1350 ppm. Ndi imene imaletsa calcium ndi carbonate kugwirana zokha popanda korali. Ikatsika kwambiri, mumathira soda koma alkalinity osakhazikika, ndipo mupeza zoyera zolimba zamatirira pa hita ndi m'kati mwa pampu. Epsom salt wa ku famase amathandiza, galamu imodzi pa lita imodzi imakweza pafupifupi 100 ppm, ngakhale kuti pa nthawi yaitali ndi bwino kumusakaniza ndi magnesium chloride kuti sulfate asachuluke. Nitrate nayo ikamakwera imadya alkalinity, 50 ppm imachotsa 2.3 dKH. Mbali inanso, ngati nitrate ndi phosphate zanu zili pa 0, musakwere kupitirira 8, chifukwa nsonga za Acropora zimapsa.

Za pH ya 7.8, musaithamangitse ndi buffer. Alkalinity ikabwerera pa 8 nayonso ikwera pang'ono, ndipo chotsalacho ndi mpweya wa m'nyumba. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi mawindo onse amakhala otseka, banja lonse lili pabalaza, mwina ndi hita ya gasi, ndiye carbon dioxide amachuluka n'kulowa m'madzi. Tsegulani windo masana kapena mutulutse kapaipi ka mpweya ka skimmer (makina ochotsa zinyalala ndi thovu) panja, muone kusintha. Ngati ikhalabe yotsika, yanikani soda uja patereyi mu uvuni wa madigiri 150 kwa ola limodzi. Asanduka soda ash, amene amakweza pH, ndipo ndi wamphamvu, magalamu osakwana 2 pa malita 100 akukwanira 1 dKH.

Wina pagulu pano watchula kalkwasser, madzi osungunuliramo laimu (calcium hydroxide). Ndi yabwino, imapereka calcium ndi alkalinity pamodzi, koma pH yake imapitirira 12, ndipo kuno ili ndi misampha iwiri. Ikamalowa limodzi ndi madzi owonjezera, mlingo wake umatsatira mmene madzi akuphwera, ndiye Seputembala ndi Okutobala ilowa yambiri, mvula ikayamba ilowa yochepa. Winawo ndi magetsi. Ngati doser, pampu yaing'ono yothira mankhwala, ili pa inveta koma pampu yaikulu ayi, mankhwala amangodzadzana mu sump madzi ali chiimire, magetsi akabwera zonse n'kukhuthukira m'thanki kamodzi. Ziwirizo zikhale pa soketi imodzi, zizizimira limodzi.

Madzi owonjezerawo ndi osungunulira mchere akhale a RO/DI (a RO odutsanso m'sefa ya DI yochotsa zotsalira), TDS (muyeso wa zosungunuka m'madzi) pa 0. A pampopi kapena a pa borehole, ngakhale aoneke oyera bwanji, mutha kukhala nitrate, silicate ndi kopa wa m'mapaipi, ndipo kopa ngakhale wochepa amapha makorali ndi nkhanu. Mukapimanso, tiuzeni magnesium, nitrate, phosphate ndi mtundu wa mchere umene mukugwiritsa ntchito, tiwerengere limodzi mlingo wa tsiku ndi tsiku.