Mwana akulephera masamu, ndi chibadwa kodi?

Mayi wina andilembera kuti mwana wawo wamkazi ali Folomu 3, masamu amangopeza ma 8 ndi ma 9 koma Chichewa ndi Chingerezi amakhoza bwino, ndipo akuti pakhomo sapereka mtendere ndi mafunso oti mawu akutiakuti anachokera kuti. Ndiye akufunsa kuti angomusiya basi poti ndi chibadwa, kumtundu kwawo kulibe anakhozapo masamu.

Mayi, poti mwanayo amakonda kufukula mawu tiyeni tiyambire pomwepo. Chibadwa chachokera ku kubadwa, ndipo kubadwa kwachokera ku kubala, wina amabala wina nkubadwa. Ndiye chibadwa ndi chomwe munthu watuluka nacho m'mimba, monga khungu, msinkhu, kapena kulemba ndi dzanja lamanzere. Chilengedwe nacho chachokera ku kulenga, komwenso kwachokera Mlengi ndi Namalenga. Mphatso ndi kupatsa, chinthu choti wangolandira. Tsono taonani mawu enawa, khalidwe ndi kukhala, chizolowezi ndi kuzolowera. Amenewa amafuna nthawi, munthu ukhale nacho chinthucho masiku ambiri mpaka chikulowe. Ineyo masamu a kusekondale ndimawaika kuno kwa chizolowezi, osati kwa chibadwa ayi. Palibe khanda linabadwa likudziwa algebra.

Chitani izi. Madzulo ano mutengereni kope lake la masamu, osayang'ana malikisi koma mufufuze mzere womwe samu imayambira kupotoka. Kawirikawiri mupeza kuti vuto si la Folomu 3 nkomwe, ndi mafulakishoni a kupulayimale kapena ma negative numbers (manambala ochepera ziro) a Folomu 1 omwe anadutsa asanawamvetse, ndiye chilichonse chomangidwa pamwamba pake chimangogwa. Abwerere pamenepo, mphindi 30 tsiku lililonse, ndi mapepala akale a MANEB. Ndipo chonde mawu oti kwathu kulibe mutu wa masamu musamawanene iye akumva, ana amakhulupirira msanga zimenezi nkusiyiratu kuyesa.

Bwanji ndikulimbikira chonchi? Pa MSCE 7 ndi 8 ndi pasi chabe, kirediti ndi 3 mpaka 6, ndipo kuti alowe yunivesite ya boma akufunika makirediti 6 kuphatikiza Chingerezi. Makosi ambiri amafunanso kirediti ya masamu, ndiye kuchoka pa 8 kufika pa 6 kumamutsegulira makomo ochuluka ndithu.

Koma za mafunso akewo musamukalipire, imeneyo ndi ntchito yomwe anthu amadyera. Ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa African Languages and Linguistics, komwekonso kuli Centre for Language Studies yomwe inakhazikitsidwa mu 1996, malo a anthu ofufuza ziyankhulo zathu ndi kulemba mabuku otanthauzira mawu. Akamaliza atha kukhala mphunzitsi, womasulira zikalata kumabungwe, wotanthauzira kukhothi, mkonzi wa mabuku kapena wa nkhani pawailesi. Si ntchito yogulira galimoto chaka choyamba, ndisakunamizeni, koma womasulira wabwino sapezeka wamba.

Mumupatseko kafunso aka akasewere nako, mawu oti moyo kwa ife ndi kukhala ndi mpweya, pomwe mu Chiswahili ndi Chishona moyo ndi mtima. Afufuze yekha kuti zinatheka bwanji, adzandiyankhe limodzi ndi malikisi a masamu a teremu ikubwerayi.