Mamendulo a agogo musagulitse

Mayi wina wa ku Ngabu wandilembera imelo. Akuti m'sutikesi ya malemu agogo awo apezamo mamendulo a nkhondo, ndipo achimwene awo akufuna kugulitsa, ati munthu womenyera nkhondo atsamunda alibe chonyaditsa. Akufunsa ngati achimwenewo akunena zoona.

Mayi, mawu amenewo anandipweteka kale ndipo akundipwetekabe, chifukwa agogo anga nawonso anali a Keyala, King's African Rifles. Anachoka kwa Tengani ali mnyamata, nakafika ku Burma mu 1944, kumene asilikali akuda ankathamangitsana ndi a ku Japan m'chigwa cha Kabaw, mvula ili wawawa, malungo akugwetsa anthu. Ine ndinawadziwa ali nkhalamba yolima mapira ndi thonje. Miyendo yawo inali zipsera zokhazokha, ati misundu ya m'matope. Novembala akafika, kutentha kwa kuno ku chigwa cha Shire mukukudziwa, iwo ankavala jekete, kupachika mamendulo pachifuwa, n'kuima nji pansi pa mtengo wa nimu, wailesi ili pampando. Lipenga likalira pawailesipo, ife ana tinkadziwa kuti ngakhale kutsokomola n'kosaloledwa. Za kuwombera sankakamba. Ankangobwereza nkhani ya mnzawo wa ku Mulanje amene iwo anamubereka kumsana atalasidwa mwendo, kuwoloka naye mtsinje usiku, madzi m'khosi. Pa chimenecho sanalandire mendulo.

Achimwene anu akulondola pamodzi pokha: nkhondoyo sinali yathu. John Chilembwe ananena zomwezi za nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu Novembala 1914, polembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, magazi atakhetsedwa kale ku Karonga pa 9 Seputembala. Koma Chilembwe sananyoze msilikali. Analirira amphawi amene ankafa n'kusiya akazi amasiye ndi ana opanda kanthu. Ndiye ife ndife ndani kuti tiziwatukwana? Ena analembetsa usilikali chifukwa cha msonkho, ena chifukwa cha njala, ena mfumu inangowaloza chala. Kukana utsamunda n'kwina, kutaya agogo ako n'kwinanso, ndipo amene amasokoneza ziwirizi sindimumvera n'komwe.

Ndipotu agogo anu ndi anga anali ndi mwayi, anabwerako ndi kachitsulo. Nanga atengatenga? Pa nkhondo yoyamba anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino anasenzetsedwa katundu pamutu, mpunga, zipolopolo, mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri n'kufera m'njira ndi kamwazi. Katundu wambiriyo ankadutsa pakhomo pathu pomwepa, pa njanji ya ku Chindio kudzera pa Port Herald, Nsanje ya lero, ndi pa Chiromo. Chaka chilichonse Lamlungu lachiwiri la Novembala nkhata zamaluwa zimaikidwa pa zipilala za ku Zomba ndi ku Area 18 ku Lilongwe, ndipo n'zoyenera. Koma ndayenda Nchalo, Bangula, mpaka ku Marka, sindinaonepo mwala wolembedwa maina a ana a m'chigwa muno amene sanabwerere. Zimandiwawa zedi.

Ife a kuno sitiyenera kuphunzitsidwa kuti nkhondo n'chiyani. Tinaona abale athu a ku Mozambique akudzaza Mankhokwe ndi Nyamithuthu, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Zaka zomwezo asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala, ena osabwerako. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni ku Congo, Chancy Chitete anakokera pobisalira msilikali wa ku Tanzania, Ali Khamis Omary, amene anavulala, iye n'kuwomberedwa akumuthandiza. Omary anapulumuka. Mu 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mmene ndinamva nkhaniyi ndinalira, chifukwa ndi zomwe zija ankakamba agogo. Kodi nayenso tidzati anafera za eni?

Chochita

Musagulitse. Ogula adzakupatsani ndalama yotha sabata lomwelo. Khalani pansi ndi akuluakulu a pabanja, achimwenewo alipo, mugwirizane wosunga. Yang'anani m'mphepete mwa mendulo: za nkhondo yoyamba zinkadindidwa dzina ndi nambala ya msilikali, koma za nkhondo yachiwiri zambiri zilibe dzina, choncho lembani nokha papepala dzina la agogo, mudzi ndi kumene anapita. Mukapeza kabuku kawo kotulukira usilikali, nambala yake mungafufuze nayo ku National Archives ku Zomba. Jambulani zonse pafoni, muzikulunge m'pulasitiki n'kuika pamwamba, poti madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 anapita ndi masutikesi ambiri. Ndipo ngati azakhali kapena agogo aakazi alipo, pitani sabata lino mukawafunse, foni ili yojambula mawu.